Kizito ndi masiwitchi awiri a mabwana

Aise, wabweranso? Khala pansi, bandulo yako isathere pachabe, ndikuuze za Kizito.

Pa Domasi pompa, ukangopatuka pa tala kulowera chakumtunda, pali kabungwe kena kojambula mavidiyo ophunzitsa alimi. Dzina sinditchula, ndimadutsa pomwepo. Kizito anali atangolembedwa ntchito ya makompyuta, akadali pa miyezi yoyesedwa. Kuti akhazikike, pankafunika mabwana awiri avomere: a Sefu, oyang'anira zojambula, ndi mayi Bernadette, oyang'anira ofesi. Awiriwa moni wawo unali wa mano okha.

Mavidiyo onse ankakhala m'makina osungira mafayilo, angapo ogwira ntchito ngati gulu limodzi. Kuti afike pa makompyuta a anthu ankadutsa pa siwitchi, kabokosi kolandira makebulo kokhala ndi timagetsi tophethira. Siwitchi yakale anabwera nayo a Sefu kuchokera ku Joni, ndipo ankaipukuta okha ndi mpango wawo. Yatsopano anaitanitsa mayi Bernadette, n'kuuza Kizito kuti chakalecho akachiponye ku sitolo. Tsiku lomwelo a Sefu anamukokera pambali kuti yawo asaikhudze.

Mnyamata anadziona wochenjera. Makina aliwonse ali ndi pobaya pawiri, eti? Kebulo ina anabaya kwa a Sefu, ina kwa madamu, n'kuwauza makinawo kuti ziwirizi ndi njira imodzi. Bwana aliyense akasuzumira ankaona timagetsi take tikuphethira, n'kutuluka akumwetulira.

Ndiye chipwirikiti chinayamba. Vidiyo ya manyowa itseguka bwinobwino, ifika pakati, yaima. Udikire pang'ono, yayambanso. Ena zikuwayendera, woyandikana nawo tebulo zikukana. Kizito anasintha makebulo onse. Anapemerera fumbi. Anatchera misampha ya makoswe, anakola buluzi. Anati ndi ziphaliwali za kuphiri la Malosa, pomwe kumwamba kunali mbee. Wina mu ofesi anati netiweki imathawa a Sefu akalowa, winanso anati ayi, imathawa madamu akatsokomola. Kizito anafika poyamba kuwerengera zotsokomolazo.

Rahema, katswiri wa kampani imene inagulitsa makinawo ku Blantyre, anamufunsa pa foni kuti walumikiza bwanji. Kizito anafotokoza zonse kupatula siwitchi yachiwiriyo, poti ankadziwa kuti auzidwa kuchotsa imodzi. Rahema anasokonezeka naye limodzi, mpaka kumamutumizira zoyesa zopanda mutu.

Kenako kunabwera alendo othandiza bungwelo, kudzaona ntchito. Anakhala m'holo, fanta m'manja, maso pa khoma. Pakhomapo, m'malo mwa vidiyo yoti aonere, kamkombero kodikiritsa kokha kakuzungulira.

Mabwana onse awiri analowa m'kachipinda ka makina, n'kuima kumbuyo kwa Kizito. Mayi Bernadette anaimbira Rahema pa vidiyo, n'kulozetsa foni kuseri kwa makinawo. Rahema anayang'anitsitsa, n'kufunsa Kizito.

"Achimwene, masiwitchi ndi awiri?"

"Eee, kungoti..."

"Makebulo mwawamanga ngati njira imodzi, koma masiwitchiwo sadziwana. Fayilo ikupita chidutswa uku, chidutswa uko. Zulani mbali imodzi, zitheka pompano."

"Mbali iti, asisi?"

"Iliyonse."

Iliyonse. Kizito anayang'ana a Sefu, a Sefu akuyang'ana siwitchi yawo. Anayang'ana madamu, madamu apinda manja. Thukuta kamukamu m'chipinda chozizira. Ukudziwa chimene anachita? Pa makina ena anazula za a Sefu, pa ena anazula za madamu, kuti pasakhale wodandaula. Makina aja anasiya kuonana okhaokha, gulu lonse n'kuima. Ngakhale kamkombero kaja kanasowa.

"Ndinati mbali imodzi," anatero Rahema motsitsa, ngati akupepesa maliro.

Pamene ankabwezera zinthu m'malo mwake, alendo anali atakwera kale galimoto. A Sefu anati mnyamatayu anaikayikira siwitchi yawo kuyambira pachiyambi. Mayi Bernadette anati anawanamiza m'maso muli gwa. Kwa nthawi yoyamba chiyambire bungwelo, awiriwo anagwirizana chimodzi, ndipo chimodzicho chinali Kizito.

Ndinakumana naye pa Songani akudikira minibasi ya ku Liwonde, chikwama pamwendo. Mpaka lero akuti sakumvetsa kuti analakwira ndani, poti onse anawapatsa kebulo yawo. Akuluakulu anaziona kale izi: mapanga awiri avumbwitsa.

Nanga iwe, aise, mabwana awiri atakuimira kumbuyo choncho, ukanazula ya ndani? Lemba m'munsimu mmene ikanathera kwako, ndipo usandinamize kuti ukanalimba mtima.