Nthiwatiwa Amene Anathawa Dzuwa

Nthiwatiwa ndi Dokowe ankadyera m'dambo limodzi, koma panali nkhani imene sankamvana. Nthiwatiwa anali ndi mapiko koma sankauluka, ndipo ankati wolakwa ndi dzuwa. Dokowe, amene anali atayenda kutali, ankangopukusa mutu.

"Dzuwa ndi limene limandikanikizira pansi," anatero Nthiwatiwa. "Masana thupi limandilemera. Nditapita kudziko lakutali ndi dzuwa, ndikhoza kuuluka."

"Achimwene, kumeneko ndi kutopa ndi kutentha chabe," anayankha Dokowe. "Chimene chimakukokerani pansi ndi dziko limene mwapondali. Maiko ozungulira dzuwa alipo angapo, ndipo lililonse limakoka molingana ndi kulemera ndi kukula kwake, kaya lili pafupi ndi dzuwa kaya kutali."

"Mukutero chifukwa inu mumauluka kale."

Nthiwatiwa anasiya mkazi wake akufungatira mazira, nakapempha Kamvuluvulu kuti amunyamule. Anakwera, nakwera, mpaka anafika pa kadziko kofiira. Kamvuluvulu anati, "Tsikirani pano. Kadzikoka n'kakang'ono, mukhala opepuka ndithu."

"Ayi, dzuwa likuonekabe lalikulu. Tiyeni kutsogolo!"

Kutsogoloko anapeza chidziko chachikulu, chozizira, kumene dzuwa linkaoneka ngati kamkanda. Nthiwatiwa anakondwa n'kudumphira pansi. Atati atambasule mapiko, mapikowo anangoti khwefu. Khosi lake lalitali linawerama lokha mpaka mlomo kugunda pansi, ndipo miyendo imene kwawo inkasiya mkango m'mbuyo inakana kusuntha ngakhale phazi limodzi.

"Ndibwezeni kwathu!" analira. "Za kuuluka ndasiya. Ndikungofuna kuthamanga."

Kamvuluvulu anamuzungulira katatu ndi mphamvu zake zonse, koma anangothothola nthenga. "Pepani, a Nthiwatiwa," anatero. "Kuno mukulemera koposa kawiri mmene munalili kwathu kuja. Sindingathe kukunyamulani." Atanena zimenezi anabwerera yekha.

Nthiwatiwa anatsala chigonere, mutu uli pansi. Anayamba kuitana, koma kupuma kunali kovuta, ndipo mawu ake sanapite patali. Kuzizira kunalowa m'mafupa pang'onopang'ono. Tsiku lachitatu anasiya kuitana.

Phunziro: Dziko silikoka chifukwa cha kutalikirana kwake ndi dzuwa, koma chifukwa cha kulemera ndi kukula kwake. Munthu akalakwitsa gwero la vuto lake n'kukana kumva odziwa, amathawira kumene vutolo lili lalikulu, ndipo amataya ngakhale zimene anali nazo.