Nyani ndi Msonkhano wa Oomba M'manja

Kalekale, nyama zikuyankhulabe ngati inu ndi ine, nyama za m'chigwa china zinasankha Nyani kuti azizitsogolera. Nyaniyo sanali woipa mtima ayi. Kungoti ankakonda kumva m'manja mukulira.

Tsiku loyamba anaimba ng'oma, nyama zonse n'kusonkhana pansi pa mkuyu. Iye anati, "Kuno sitikangana. Ndikanena mfundo, wovomereza aombe m'manja. M'manja mukamveka, nkhani yatha."

Inu mwaliona kale vutolo. Nyani sanalione.

"Malambe akhale a okwera mumtengo okha. Mukuti bwanji?"

Anyani ndi apusi anaomba, pha pha pha! Njiri anatsegula pakamwa, koma mawu ake anamira m'phokosomo.

"Tonse tagwirizana," anatero Nyani, mtima uli mbee.

Tsiku lina anaimbanso ng'oma. "Pachitsime tiziyamba kumwa ndife okwera m'mitengo. Enanu mumavundula madzi."

Pha pha pha!

Njovu anakweza chitamba. "Pepani a mtsogoleri, ine ndimati..."

"Mwachedwa akuluakulu, m'manja mwamveka kale."

Anaimbanso kachitatu. "Bwalo lathu lisamukire pamwamba pa phiri. Kuli kamphepo kabwino."

Pha pha pha! Mbidzi anayang'ana ziboda zake, anayang'ana phirilo, n'kutembenuka kumapita.

Kuyambira pamenepo, ng'oma ikalira kuphiri, nyama za m'chigwa zinkangopitiriza kudya msipu. Ndipo Nyani, wosauka nzeruyo, ankauza anzake kuti, "Mukuona mmene amandikhulupirira? Saonanso chifukwa chobwerera."

Tsono Nyani anali ndi mwana mmodzi yekha, wobadwa iye atakalamba kale. Dzinja litafika, mvula inagwa yosalekeza mpaka dothi la kuphiri linafewa. M'mawa wina mwanayo akusewera m'kaphanga, chimwala chinagumuka kumtunda n'kutseka pakhomo. Madzi otsika m'phiri anayamba kulowamo.

"Ababa! Madzi afika m'mawondo!"

Nyani anayesa kukankha chimwalacho. Anyani anakankha, apusi anakankha. Chimwala osasuntha n'pang'ono pomwe. Apa panafunika Njiri wokumba ndi Njovu wogubuduza. Nyani anathamangira ng'oma, naiimba mpaka manja kutupa. Anasuzumira kuchigwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzutsa mutu.

"Ababa! Afika m'chiuno!"

Anaimbanso. Kuchigwa kuli zii. Nyani sanakhulupirire maso ake. Nyama zomwe zija, zomukonda zija?

"Ababa! Afika m'khosi!"

Anataya ng'oma n'kutsetsereka phiri, akugwa akudzuka. Anapeza Njovu, Njiri ndi Mbidzi pansi pa mkuyu uja.

"Abale anga, ng'oma simukuimva?"

"Taimva," anatero Njiri. "Timati mwina lero mukugawana mpweya."

"Mwana wanga akumira m'phanga! Bwanji simunabwere? Si paja timagwirizana pa zonse?"

"Tinagwirizana liti, a Nyani?" anafunsa Mbidzi.

"M'manja munkamveka!"

Mbidzi anatukula mwendo wake, nauika pafupi ndi mphuno ya Nyani. "Tikanaomba ndi chiyani?"

Nyani anapenyetsetsa chibodacho. Anayang'ana pansi. Ziboda, ziboda, zipondero za Njovu. Zaka zonsezo anali asanayang'anepo mapazi a anzake.

"Zokambazo pambuyo," anatero Njovu. "Kuli mwana uko."

Anakwera phiri loterera lija movutika, Njovu akuchita kukwawa ndi mawondo. Njiri anakumba pansi pa chimwala, Njovu anatsamira ndi chipumi, chimwala gubudu! Madzi anakhuthuka onse, ndipo pamodzi ndi madziwo panatuluka mwana, ali lobodo.

Nyani anamunyamula. Anamugwedeza. Anamuitana dzina. Mwana sanayankhe.

Njovu anagwetsa misozi, nati, "Tikanabwera ng'oma itangolira koyamba lero, tikanamupeza wamoyo. Koma tinali titaiwala kuti ng'omayo imaitananso ife."

Mpaka lero mukamva nyani akukuwa yekha pamwamba pa phiri, dziwani kuti akuitanabe mwana wake.

Nthano yanga yathera pamenepa, amene anakwirira mbatata paphulusa akafukule isanapserere. Koma mutenge ichi: mukamatsogolera anzanu, musamvere okhawo okuomberani m'manja. Funsaninso amene ali chete, chifukwa anthu amene simuwamva pa mtendere sadzakumvani pa tsoka.