Mayi Amene Ankaonetsa Khoma Limodzi

Kumudzi wina ku Ntcheu kunali mayi wina wamasiye, amene mwana wake wamwamuna ankagwira ntchito ku Joni. Mwanayo anali mmisiri womanga nyumba. Mawu amenewa muwasunge, abale anga, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Sanali wogulitsa m'sitolo, sanali wokonza magalimoto. Anali womanga nyumba, ndipo ankamanga bwino moti eni dzikolo ankachita kumulimbirana.

Mwanayo ankawakonda mayi ake. Anawatumizira foni zija zazikuluzi, zoti munthu ukamalankhula naye uzimuonanso nkhope. Anatsegulanso gulu la pafoni la banja lonse, muli iye ndi mkazi wake, mlongo wake wokwatiwa ku Mzuzu, ndi achibale ena omwazikana uku ndi uku. Poyamba mayi uja ankaiopa foniyo, ankaigwira ngati mbale yotentha. Koma ataizolowera, eee, panalibenso kupuma. Nkhuku ikaswa anapiye, chithunzi. Mbuzi ikabereka, chithunzi. Maungu akayanga kuseri kwa bafa, chithunzi. Anthu a ku Joni ankadziwa kuti lero kumudzi ndiwo ndi chisoso, ankadziwanso kuti galu wa aneba wadya mazira. Sindikunyoza ayi. Ndi zabwino kuti mwana amene ali kutali azimvabe fungo la kwawo.

Koma pabalaza pa mayiyo panali makoma awiri oyang'anizana. Nyumbayo anaimanga ndi malemu mwamuna wake kalekale, ya njerwa zootcha koma zomangira dothi. Khoma limodzi linali losalala, lopaka penti yobiriwira. Lamlungu lililonse akachokera ku tchalitchi, asanavule n'komwe duku, ankakoka mpando n'kukhala patsogolo pa khoma limenelo, kudikira foni ya mwana wake. Khoma linalo, lakumbuyo, limene mvula inkamenya, linali ndi mng'alu.

Mng'aluwo unayamba ngati ulusi. Mayi uja anauona, n'kupachikapo kalendala. Mng'alu unatalika n'kutulukira pansi pa kalendalayo. Anachotsa kalendala, n'kukhomapo chitenje. Mng'alu unakula, abuluzi anayamba kulowa ndi kutuluka ngati nyumba ndi yawo. Anatsekamo sanza. Atakolola, anasanja matumba onse a chimanga m'mbali mwa khoma lomwelo, paja masiku ano chimanga timagona nacho m'nyumba, akuba anatiphunzitsa. Atasanja anaima poteropo, n'kuona kuti matumba abisa bwino mbali yapansi ya mng'alu, ndipo mtima wake unakhala pansi.

Tsono Lamlungu foni ikalira, mwana ankafunsa funso lomwelomwelo.

"Amayi, kunyumbako kuli bwanji? Nyumba ya ababa ikadali yolimba?"

"Zonse zili bwino, bambo. Mulungu akutisunga."

Tamvetsani apa. Munthu akakhala patsogolo pa khoma la penti, maso ake amayang'ana kuti? Amayang'ana khoma linalo! Ndiye kuti mayiyu ankanena kuti zonse zili bwino maso ake ali pa mng'alu. Dzuwa likulowera pamng'alupo, likumuthobwa m'maso, iye akupsinya diso n'kumati zonse zili bwino. Kumbali inayo kuli mmisiri womanga nyumba, mwana wobereka yekha, akufunsa za nyumba. Zimandipweteka mutu ine zimenezi.

Ndipo mwanayo, pomva kuti zonse zili bwino, ankatumiza zinthu zoyenera nyumba imene zonse zili bwino. Anatumiza makatani. Anatumiza wotchi yapakhoma yoimba nyimbo. Anatumiza galasi lalikulu ndi maluwa apulasitiki. Mayi uja ankakalandira katunduyo kwa amathiransipota, aja onyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni, n'kumukongoletsera khoma la penti lija, n'kujambula, n'kutumiza pagulu. Achibale onse ankayamikira kuti agogo akukhala ngati a m'tauni. Khoma limodzi linkanka likongolerakongolera, linalo linkanka lipendekerapendekera.

Panali mayi wina woyandikana naye nyumba, wosadziwa kubisa mawu. Tsiku lina anabwera kudzapempha mchere, ndipo m'malo mogogoda pachitseko anaodira pamng'alu pomwepo.

"Odi kuno! Anzanga, ine ndikukuonani muli m'nyumba, ndili panja. Mwana wanu uja mwamuuza?"

"Aaa, ndimudandaulitsirenji mwana ali m'dziko la eni? Ali ndi zake zomuvuta."

Amamveka ngati mawu achikondi, eti? Ena mwagwedeza mitu kuvomereza, ndakuonani. Chikondi chinalipo ndithu, sindikana. Koma pansi pa chikondicho panali china. Pafoni paja sipankaoneka mwana yekha, pambali pake pankakhala mpongozi. Pagulu paja panali achibale amene anazolowera kunena kuti agogo akukhala ngati a m'tauni. Mayiyu ankaganiza kuti, anthu onsewa aone kuti mayi wa mmisiri akugona m'nyumba yotsekedwa ndi sanza? Anali manyazi amenewo, koma iye anawapatsa dzina lokoma, akuti kusafuna kuvutitsa mwana.

Kenako inafika nyengo yotentha, mvula isanayambe. Lamlungu lina mwana uja anaimba ali ndi nkhani.

"Amayi, ntchito yomwe ndimagwira yatha, ndiye ndili ndi mpata. Ngati kuli chofunika kukonza ndibwere mvula isanagwe. Koma ngati zonse zili bwino, pali ena akundifuna, ndiyambe yawoyo, kumudzi ndidzabwera chaka chamawa."

Abale, khomo linatseguka lokha. Sanafunike kulemba kalata. Sanafunike kufotokoza ndi mawu ambiri. Chimene chinkafunika ndi kutembenuza dzanja basi, kuti foni ione zimene maso ake ankaona. Dzanja linayamba ndithu kusuntha. Koma anamva mawu a mpongozi akupereka moni cha kumbali, anaona nkhope yake yomwe pakona pa foni, duku lili bwino, maluwa apulasitiki ali kumbuyo. Dzanja linaima.

"Gwirani ntchito, bambo. Kuno kulibe vuto. Mwina mukapeza mpata mudzanditumizireko kapenti kena, aka kayamba kufwifwa."

Penti! Nyumba ikugwa, munthu akupempha penti!

Mwana anatumiza penti, n'kuyamba ntchito ya anthu ena.

Mvula inabwera, ndipo chaka chimenecho sinabwere yocheza. Inagwa yamvumbi, usana ndi usiku osakata. Madzi analowa pamng'alu, dothi la pakati pa njerwa linasungunuka. Mayi uja anachirikiza khomalo ndi mtengo wabulugamu. Ngakhale pamenepo anajambula chimanga cha kumunda chitabiriwira, n'kulemba pagulu kuti chaka chino Mulungu watikomera mtima.

Tsiku lina masana, ali kukhitchini kwa aneba aja kukapala moto, anamva chiphokoso. Atatuluka anapeza khoma lakumbuyo lagona pansi. Linakoka denga, denga linakoka makoma a m'mbali. Matumba onse a chimanga anali pansi pa njerwa ndi matope, mvula ikuwathira. Anthu anathamanga kudzafukula, koma chimanga chonyowa nthawi ya mvumbi uchiyanika pati? Chinayamba kumera m'matumba momwemo, china chinaola. Chakudya cha chaka chonse chinathera pomwepo. Mwayi wake unali woti iye mwini sanali m'nyumbamo.

Mukudziwa chimene chinatsala chili chiimire? Khoma la penti. Lokhalokha, pakati pa bwinja, wotchi ili pomwepo ikuimba nyimbo yake.

Apa mukuganiza kuti mayiyu anaphunzira. Inenso ndikanakonda zikanatero. Koma Lamlungu litafika, mvula itakata pang'ono, foni inalira. Mayi uja anachoka kwa aneba kumene ankagona, anamanga duku, anapukuta mpando, n'kukhala patsogolo pa khoma la penti lija, pamtetete.

"Amayi, kunyumbako kuli bwanji?"

"Zonse zili bwi..."

"Amayi, taimani kaye. Dzuwa likukuwombani bwanji pamutu muli m'nyumba? Nanga nkhukuyo ikudutsa pabalaza? Tatembenuzani foniyo."

Kenako dzanja lija, limene linakanika kutembenuka nyengo yonse yachilimwe, linatembenuka. Mwana anaona njerwa zili mbwee, malata atapindika, matumba atatuluka mizu. Ataona zimenezo, anati:

"Amayi, mng'alu ngati umenewo ndimakonza tsiku ndi tsiku kuno, kwa anthu osawadziwa n'komwe. Mukanandionetsa, inali ntchito yochepa. Munkandionetsa anapiye, amayi, osandionetsa khoma?"

Mwanayo anasiya ntchito ya eni ija, anakwera basi, anabwera. Sanawakalipire mayi ake pamaso pa anthu. Anavula jekete, anakumba maziko atsopano, anamanga nyumba ina ya simenti. Koma nyumba ya malemu bambo ake sinabwerere, ndipo chimanga chija sichinabwerere. Mayi uja anatha nyengo yonse ya mvula akugona pamphasa kwa aneba, akudya zopatsidwa, mudzi wonse ukudziwa chimene iye ankabisira mwana wake yekha. Manyazi amene ankawathawa aja anamupeza ndithu, atakula kuposa poyamba.

Tsono musamuseke mayiyu, chifukwa wakhala pabenchi pomwe mwakhala inupo. Mayi ameneyu ndi ife tikamapemphera. Timakoka mpando, timakonza duku, timakhala patsogolo pa khoma lathu la penti, ndiye timayamba. Ambuye, tikuthokoza chifukwa cha moyo. Tikuthokoza chifukwa cha mvula. Dalitsani odwala m'zipatala ndi a paulendo. Amen. Mawu abwino onsewo, ngati zithunzi za anapiye zija. Koma nthawi yonse imene pakamwa pakulankhula, maso a mumtima ali pa mng'alu. Inu mukuudziwa mng'alu wanu. Wina ndi banja limene mumalowa m'tchalitchi muli awiri koma kunyumba simulankhulana. Wina ndi botolo limene mumati mungathe kulisiya tsiku lililonse mutafuna. Wina ndi m'bale wanu amene mukamuona akubwera mumakhota njira. Mwapachikapo kalendala, mwakhomapo chitenje, mwatsekamo sanza, ndipo mukabwera kwa Mulungu mumapempha penti.

Mwana wa mayi uja ankaona zokhazo zimene foni yamuonetsa. Mulungu satero, mng'alu wanu anauona usanafike n'komwe pa ulusi. Safunsa chifukwa choti sakudziwa. Amafunsa chifukwa salowa ndi zida zake m'nyumba imene mwini wake akuti ilibe vuto. Ndipo khoma likagwa adzabwerabe, chifukwa ndi wachifundo, adzamanganso. Koma n'chifukwa chiyani mukufuna akupezeni pabwinja, chimanga chitaola, ana atabalalika, pamene lero akufunsa mvula isanagwe?

Ndatopa nako kumva kuti zonse zili bwino. Ndikafunsa pakhomo la tchalitchi, zonse zili bwino. Ndikabwera kudzakuyenderani, zonse zili bwino. Kenako ndimangoitanidwa khoma litagwa kale. Ine mutha kundibisira, ndine munthu, ngakhale njerwa sindidziwa kuyala. Koma Mmisiri ali pafoni lero, ndipo akufunsa kuti kunyumbako kuli bwanji.

Tikati tiweramitse mitu tipemphere, musakonze duku. Tembenuzani foni, aone khoma limene inu mukuliyang'ana.