Phungu Amene Sanaike Mlongo Wake

Panali munthu wina, m'dziko lina losatalikira kwenikweni ndi lathu lino, dzina lake Yotamu Kachiwala. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, munthu wosadziwa kukana, wa aja oti ukawapempha mchere amakupatsa ndi ndiwo zomwe. Anthu a kwawo anamusankha kuti akawaimire ku Nyumba ya Malamulo kwa zaka zisanu. Sanamutume zambiri. Anamutuma mlatho.

Dera lake linadulidwa pakati ndi mtsinje wa Namilulu. Chipatala chinali tsidya lina, midzi yambiri tsidya linzake. M'chilimwe mtsinjewo ankauwoloka ndi nkhuku zomwe, koma mvula ikagwa kumapiri unkadzaza masiku atatu, nthawi zina sabata yathunthu. Odwala ankadikira pagombe ali pamachira. Madzi akamaphwa ena ankawoloka, ena ankawabweza kumudzi atawafunditsa nsalu kumutu.

Kachiwala anali ndi mlongo wake wamkulu, Esinati, amene anamulera makolo awo atamwalira. Tsiku lonyamuka kupita kukalumbira, Esinati anamuperekeza mpaka pamtsinje, ndipo anamugwira mkono monga ankachitira akali kamwana.

"Iwe Yotamu, ukakaima kumeneko ukanene za madzi awa," anatero. "Zina zonse tidzionera tokha."

Tsono Nyumba ija inali ndi kachitidwe kake. Phungu akafuna kanthu kwa nduna, ankalemba funso n'kulipereka kwa alembi. Funsolo linkalowa pamzere. Aphungu analipo pafupifupi mazana awiri, aliyense ali ndi mijigo, misewu ndi masukulu ake, choncho mzerewo unali wautali kuposa wa kuchigayo tsiku la msika. Tsiku la funso likafika, Sipikala ankaitana dzina la mwini wake. Iye akaima, nduna inkayankha, ndipo yankholo linkalembedwa m'buku la Nyumba. Koma dzina likaitanidwa mwini wake palibe, funso linkagwa n'kubwerera kumchira kwa mzere. Panalibe kutuma mnzako kuti akakufunsire.

Kachiwala analemba funso la mlatho sabata yoyamba yomwe. Anamupatsa mpando wakumbuyo, pafupi ndi mayi Ziyaya, phungu amene anali atatha zaka khumi m'Nyumbamo ndipo panalibenso chomudabwitsa. Mayiyo anamuyang'ana mmene anapolishira nsapato, n'kuseka pang'ono.

"Achimwene, ndikuuzeni lero lomwe," anatero mayi Ziyaya. "Ntchito yaikulu muno ndi kukhala pansi. Kulankhula n'kwa mphindi imodzi, koma mphindiyo ikupezeni muli pampando."

Kachiwala anavomera ndi mutu. Zinamveka zosavuta.

Koma kwawo nakonso kunali kachitidwe kake, ndipo inu mukukadziwa bwino, sindikunena za kumwezi. Phungu ndi amene ali ndi galimoto. Maliro akagwa, foni yoyamba imapita kwa achibale, yachiwiri kwa phungu, ndipo nthawi zina phungu ndiye amayamba kumva. Azinyamula thupi, azipeza bokosi, azikhala pampando wakutsogolo kuti aliyense amuone. Woyendetsa mwambo akati, "Tsopano timve kwa olemekezeka aphungu athu," makosi onse amatembenuka. Akapezeka, ndi munthu wa anthu. Akasowa kamodzi, wayamba matama, waiwala amene anamuika pamenepo. Kachiwala ankaopa kunenedwa kuposa mmene ankaopera matenda. Foni ikalira ankatseka mapepala ake, n'kuweramira mpando wa Sipikala, n'kutuluka. Maliro n'kulirana, ankatero podzitonthoza, ndipo sankanama.

Funso lake linafika m'chaka chachiwiri. Tsiku limenelo iye anali kumanda, atagwira nkhata ya maluwa. Atabwerera, mayi Ziyaya sanamupatse ndi moni yemwe.

"Anakuitanani kawiri," anatero. "Nduna inali itatsegula kale pepala lake."

Kachiwala anamva chisoni, koma anati zaka zikadalipo zambiri.

M'zaka zimenezo Nyumba inasintha nkhope. Aphungu ena anamwalira, m'mipando yawo munalowa achilendo. Ena amene analowa akutukwana boma anasamukira mbali ya boma, kumene amati kuli mthunzi. Ena anakhala nduna, anatha chaka, n'kubwerera kumipando yakumbuyo atanenepa pang'ono. Malamulo anapangidwa, ena abwino ndithu, ena oti ngakhale owavomerezawo sanawawerenge. Anthu anamenya matebulo, anatulutsana m'Nyumba, anagwirizananso pa tiyi. Namilulu ankangodzaza chaka ndi chaka monga mwa masiku onse.

Funso linafikanso m'chaka chachinayi, ndipo Kachiwala analinso kumaliro. Anali maliro a mayi wina woyembekezera amene anatsirizikira pagombe pomwepo, akudikira madzi. Kachiwala analankhula bwino kwambiri pamaliropo, anthu mpaka anapukusa mitu. Mwambo utatha, Esinati anamuitanira kuseri kwa nyumba.

"Kodi tinakusankha kuti ukhale mdzukulu wokumba manda?" anamufunsa.

"Achemwali, ndikapanda kubwera andinena."

"Akunena, inde. Kunenedwa kunapha ndani? Mtsinjewu ndiwo ukupha."

Kachiwala anali wotopa, kutopa kwa munthu amene wayenda kwambiri koma sanafike kulikonse. Galimoto yake inali itatha matayala kangapo, ndipo m'buku la Nyumba dzina lake linkapezeka patsamba la olumbira pokha.

Chaka chachisanu chinafika, ndi msonkhano womaliza wa Nyumba, m'nyengo ya mvula. Lachisanu la sabata yotsiriza Nyumba inkayenera kutsekedwa kuti aphungu akakonzekere chisankho, ndipo mafunso onse otsala pamzere ankafera limodzi ndi Nyumbayo. Lolemba la sabata imeneyo Kachiwala anakumana ndi nduna ya misewu m'khonde, n'kuyamba kuidandaulira. Ndunayo inamumvetsera ikuyang'ana wotchi.

"Bwana Kachiwala, za m'khonde zimathera m'khonde," inatero. "Milatho yoti timange ndi inayi, oifuna ndi ochuluka. Akatswiri a kuunduna amatsata zimene ndalonjeza m'Nyumba, zolembedwa. Funso lanu lili pandandanda wa Lachitatu. Mukaima, ndilonjeza. Mukapanda kuima, aima ena."

Lachiwiri m'mawa, Kachiwala akumanga tayi, foni inalira. Anali Batumeyo, mwana wachisamba wa Esinati, bambo wa ana atatu.

"Malume, amayi atisiya."

Esinati anadwala chibayo Loweruka. Anamunyamula pamachira mpaka pamtsinje, ndipo anapeza Namilulu atadzaza. Anadikira masiku awiri pansi pa mtengo, ndipo dzulo lake madzulo anamubweza kumudzi atamufunditsa nsalu kumutu. Tsopano madzi anali atayamba kuphwa, anatero Batumeyo, moti malume atanyamuka nthawi yomweyo akanatha kuwoloka kusanade. Maliro anayenera kuikidwa Lachitatu, pakuti tsidya lija kunalibe kosungira thupi.

"Adzukulu akuti sakumba mpaka mwinimbumba adzaloze malo," anatero Batumeyo. "Tikudikira inu."

Mukudziwa inu chimene mwinimbumba ali pamaliro a mlongo wake. Awa sanali maliro oti phungu akaonekere. Anali maliro ake. Munthu amene anagona m'nyumba ya siwa ndi amene ankamuberekera kumbuyo, amene ankamugawira chofunda. Kachiwala anatenga makiyi a galimoto, monga dzanja lake linazolowera. Anafika pakhomo n'kuima. Anakumbukira mawu a kuseri kwa nyumba aja, ndipo anaona kuti kwa zaka zinayi wakhala akuthamangira mapanga awiri, ndipo wavumbwa. Analira ali chiimire, foni ili kukhutu. Kenaka anabwerera n'kuika makiyi patebulo.

"Batumeyo, malo ukaloze ndiwe. Galimoto nditumiza ndi bokosi. Ikani, musandidikire."

"Malume, anthu anena chiyani?"

"Anene."

Lachitatu Nyumba inali theka. Aphungu ambiri anali atapita kale kukagawa nsalu ndi malonjezo kumadera awo. Otsalawo ena ankanong'onezana, ena ankasinza. Kachiwala anakhala pampando wake kuyambira belu lisanalire, ndipo mayi Ziyaya, amene anamva za malirowo, anangomukankhira botolo la madzi. Nthawi ya mafunso itafika, Sipikala anaitana dzina lake mosayembekezera kanthu, cholembera chili kale pamwamba kuti adule. Kachiwala anaima.

Mwambo wa m'Nyumbamo sunkalola kuti phungu awerenge funso lonse, popeza linali litasindikizidwa kale. Ankangotchula nambala yake. Choncho Kachiwala anati, "A Sipikala, ndikufunsa funso lachitatu." Anakhala pansi. Mawu amene anawasiyira maliro a mlongo wake anali omwewo.

Nduna inaima n'kuwerenga kuti mlatho wa pa Namilulu uli m'gulu la milatho inayi imene imangidwe. Alembi analemba. Wina anamenya tebulo kamodzi, mwaulesi. Sipikala anapita pa funso lachinayi, la mjigo wa kudera lina. Zonsezi sizinathe mphindi ziwiri, ndipo inali nthawi imene kumudzi ankatsitsira bokosi m'manda.

Pamaliropo woyendetsa mwambo anaitana aphungu, makosi anatembenuka, ndipo pampando wakutsogolo panali chipewa cha munthu wina. Amene analankhula m'malo mwake anali bambo wina wamalonda amene ankafuna mpando wa Kachiwala, ndipo anagwira nawo bokosi mpaka kumanda. Nkhani inayenda midzi yonse dzuwa lisanalowe. Munthu wolephera kuika mlongo wake weniweni, ankatero anthu, angaike ndani? Kachiwala atafika Loweruka anapeza manda atawundidwa kale. Anayesa kufotokoza za ndandanda ndi za buku la Nyumba, koma ndani anamvapo mlatho wa m'buku? Pachisankho anagwa moti sipanafunike kuwerenga kawiri.

Mlatho unamangidwa patapita zaka ziwiri. Amene anadula riboni anali phungu watsopano, bambo wamalonda uja, ndipo amayi anamuimbira nyimbo zomutama kuti ndi munthu wa chitukuko. Kachiwala anaima kumbuyo pamodzi ndi anthu ena onse, atavala jekete lake lakale la kusukulu. Sanakwiye. Mphamvu zokwiyira zinali zitamuthera kalekale.

Mvula ya chaka chimenecho inagwa yambiri. Tsiku lina Namilulu atadzaza mpaka m'mabango, Batumeyo anapeza malume ake ataima pamlatho, atatsamira chitsulo. Ngolo inadutsa itanyamula mayi wodwala, ikulunjika kuchipatala, ndipo ng'ombe sizinanyowe ndi ziboda zomwe. Batumeyo anali asanalankhule bwino ndi malume ake chichitikireni maliro aja, koma tsiku limenelo anaima pambali pawo, ndipo ataona misozi anafewa mtima.

"Zinapita zija, malume," anatero. "Tinawaika bwino amayi. Musamadziimbe mlandu kuti simunabwere."

Kachiwala anapukusa mutu.

"Sindikulira maliro amene ndinasowa, Batumeyo. Ndikulira aja ndinapezekapo. Ndikanakhala pampando chaka chachiwiri chija, mayi ako akanawoloka."

Fanizo lathera pamenepa, abale anga, ndipo ine ndalinena ndili wotopa, pakuti ndaona zisankho zambiri ndipo nyimbo yake ndi yomweyi. Inu amene mumatuma, musamatume munthu kukalankhula kenaka n'kumamuyeza ndi mabokosi amene wanyamula. Mukamuitana Lachitatu lililonse, dziwani kuti kwina kwake dzina la mudzi wanu likuitanidwa, ndipo palibe woima. Ndipo iwe amene watumidwa, kaya ndi ku Nyumba ya Malamulo, kaya ndi kukomiti ya sukulu kapena ya mpingo, udziwe chimene anakutuma, ndipo uchichite chaka choyamba, wokutumayo akali moyo. Kachiwala anaphunzira kukana, koma anaphunzira mlongo wake ali kale pamphasa.