Pepala la Pawindo la Takisi

Stanislaus wa ku Chililalila anali ndi mwambi wakewake umene palibe kholo linamusiyira: "Mwamuna safunsa, amangoona." Ankayendetsa takisi m'tauni ya Kabwe, ndipo akasochera ankalolera kuzungulira komboni yonse ya Katondo ndi wokwera kusiyana n'kutsitsa windo kuti afunse njira.

Mkazi wake Felistus anali telala. Awiriwa anali atatha zaka zisanu m'banja popanda mwana, ndipo nkhaniyi inkawadya mumtima onse. Felistus ankatha miyezi itatu osapita kumwezi, thupi likungokula, pachibwano pakumera tindevu timene ankazula atatseka chitseko. Tsiku limene analimba mtima kupita kukiliniki anapempha mwamuna wake kuti amuperekeze.

"Izo ni za bazimai," anatero Stanislaus, akupukuta galimoto.

Atamuyeza, namwino anamuuza kuti ali ndi vuto lotchedwa PCOS. Mahomoni ake anasokonekera, n'chifukwa chake mazira sakhwima pa nthawi yake. Anati vutoli silithera tsiku limodzi koma limawetedwa. Aziyenda ndawala theka la ola m'mawa uliwonse, asiye shuga, mabanzi ndi zakumwa zotsekemera, azidya mgaiwa, nyemba ndi masamba, ndipo abwerenso pakatha miyezi itatu kuti aone ngati pafunika mankhwala. Anamupatsanso pepala loti akawerenge ndi mwamuna wake.

Madzulo Felistus atangoyamba kufotokoza, Stanislaus anakweza wailesi, poti kunali mpira. Felistus anapinda pepala lija n'kuliika m'thumba la malaya a mwamuna wake. Mawa lake Stanislaus analipeza, ndipo anakondwera kwambiri, chifukwa windo lakumbuyo la takisi linali litamusowetsa mtendere ndi kugwedera. Analipindanso kanayi n'kulipanikiza pamenepo. Windo linakhala chete, Felistus nayenso anakhala chete. Mumtima anati akadzafunsa ndidzamuuza.

Tsono mwamuna uja anayamba kuona. Anaona kuti m'nyumba mwalowa mgaiwa uja amati rola, ufa umene iye ankati ndi wa anthu amene zinthu zawavuta. Anaona kuti mabanzi amene ankabwera nawo madzulo aliwonse, chizindikiro chokha cha chikondi chimene ankachidziwa, akugona m'pepala mpaka kuuma gwa. Choopsa koposa, anaona mkazi wake akudzuka mamawa, kuvala nsapato zothamangira n'kulowera wapansi ku komboni ya Kamushanga.

Pamalo oimikapo matakisi nkhani inafika msanga. Mnzake Kenani, amene pakamwa pake sipaola, ndiye anaiyambitsa. "Ba Stani, motoka muli nayo, manje bakazi banu bayenda na mendo monga mbuzi? Kapena kuli wina ku Kamushanga?"

Munthu wanzeru akanapita kunyumba n'kukafunsa. Stanislaus anayamba kulondola mkazi wake pa takisi, pang'onopang'ono ngati galimoto ya maliro, atavala chipewa chofika m'maso. Anaiwala kuti galimoto yake inali ndi dzina lake kutsogolo, lolembedwa ndi zilembo zofiira. Felistus ankangomubayibitsa n'kupitiriza ulendo. Patatha miyezi iwiri anali atatsika thupi, nkhope ikuwala, akuimba posoka. Apa mpamene Stanislaus anatsimikiza kuti banja latha, pakuti mkazi angasangalale bwanji chonchi popanda chifukwa? Anaitanitsa ankhoswe.

Lamulungu Misa itatha, amalume a Stanislaus, a Amos, amene anapuma ntchito ya njanji, anakhala pampando. Mbali inayo kunali azakhali a Felistus, a Christine. Stanislaus anaimirira ngati loya n'kuyamba kuwerenga milandu pa zala.

"Mabanzi yanga akana. Motoka yanga akana. Anidyesa rola monga nilibe nchito. Elo aonda, koma aseka! Amalume, kuli mwamuna."

"Mphwanga, mwamunayo unamuona?" anafunsa a Amos.

"Ni wochenjera. Miyezi iwiri sanaonekepo."

A Christine anatembenukira kwa mwana wa mchimwene wawo. Felistus anafunsa mofatsa, "Ba Stani, munanifunsapo olo kamodzi?"

"Mwamuna safunsa..."

"Khala pansi," anatero a Amos.

Pamenepo Felistus anayenera kunena pamaso pa akuluakulu zimene mkazi amafuna kuuza mwamuna wake yekha: za kumwezi, za tindevu, za manyazi amene anakhala nawo zaka zisanu anthu akumuyang'ana pamimba. Misozi inalengeza. "Kumwezi napita kawiri motsatizana, chinthu chamene sichinachitikepo. Nenze kufuna kuuza imwe poyamba. Mwana wamene mulira ndiye wamene niyendera na mendo. Vonse vili pa pepala yamene ninakuikirani mu shati."

A Amos anafunsa kumene kunali pepalalo, ndipo Stanislaus analoza panja ndi mlomo. Anthu anayi anatuluka kukazungulira takisi. Atalisolola, windo linagwera mkati kuti khu! A Amos analitambasula, lili bii ndi fumbi, n'kuliwerenga mokweza ngati kalata yachiwiri ya pa Misa. Mzere womaliza unkati mwamuna alimbikitse mkazi wake, adye zimene akudya, ndipo ngati angathe aziyenda naye.

"Angathe," anatero a Christine, akuyang'ana mimba ya mkamwini wawo.

Kunena zoona Stanislaus anamva chisoni kuposa manyazi. Anagwada pafumbi pomwepo ndi buluku la kutchalitchi n'kupepesa, ndipo Felistus anamusiya agwade kaye pang'ono asanamudzutse.

Lolemba m'mawa anthu a ku Chililalila anaona zachilendo. Felistus anali patsogolo, manja akuponya uku ndi uku. Kumbuyo kunali Stanislaus, thukuta kamukamu, akupuma ngati basi yakale pamtunda. Kenani anawapeza pamsewu ali pa takisi yake, nachepetsa liwiro, naimba hutala. "Tauni, tauni! Ba Stani, malo yaliko!" Stanislaus anangomugwedezera dzanja kuti apitirire.

Atayenda pang'ono anagwira mtengo wa magetsi n'kufunsa funso lake loyamba m'zaka zisanu za ukwati.

"Felistus, kwasala patali?"

"Tikalibe kuyamba," anayankha mkazi wake, akumugwira dzanja.

Yankho limene analisaka miyezi iwiri m'misewu ya Kamushanga ankayenda nalo yekha pawindo la galimoto yake. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.