Kachingwe Kolowa Chagada

Kalekale, mafoni akadali aja opinda ngati buku, pamsika wina panali abale atatu okonza mafoni: Fanuwelo, Zakeyu ndi Dziwenji. Ankapanikizana pakabenchi kamodzi padzuwa, ndipo aliyense ankadziona kuti katswiri ndi iyeyo.

Tsiku lina kunabwera aNangondo, mayi wamasiye. Amuna awo anali okonza mawailesi, ndipo asanamwalire anajambula mawu awo otsiriza mufoni. Tsopano foniyo inali itada bii, yosayaka.

"Ana anga, amene angandimvetse mawu a malume anu aja, ndimupatsa khonde lawo lapamsika ndi bokosi lazipangizo. Wina mmodzi, si atatu."

Fanuwelo, wa satifiketi yakukoleji, anatsegula foniyo n'kuyezayeza. Anapeza kuti kachingwe kaphwatalala, kolumikiza mbali ziwiri za foni, kanaduka popindira. Shati yake sinade n'komwe. Anthu amapepala timawadziwa. Komabe vutolo palibe wina amene akanaliona.

Kachingwe kotero m'masitolo munalibe. Zakeyu anapita kudzala lam'tauni, masiku atatu akufukula mafoni akufa, ntchentche zili ng'waa. Galasi linamucheka chala. Anabwera nako atakakulunga m'pepala la fodya.

Fanuwelo anakalowetsa. Foni zii. Anakalowetsanso. Zii.

"Mwatitolera chowola, achimwene," anatero Fanuwelo.

"Chowola ndi satifiketi yakoyo," anayankha Zakeyu.

Dziwenji, amene analekeza Sitandade 5, ankangodya chinangwa pambali. Anapukuta manja pabuluku, anazula kachingweko n'kukatembenuza, timano take tachitsulo tiyang'ane pansi. Foni inayaka. Mawu a malemu anamveka, aNangondo anakhala pansi n'kuyamba kulira.

Misozi isanaume, mkangano unabuka.

"Wodwala amachira ndi wopeza matenda," anatero Fanuwelo. "Popanda ine mukanafukula chiyani?"

"Chala changa ichi chionereni," anatero Zakeyu. "Uyu wangotembenuza. Kutembenuza ngakhale wokazinga zitumbuwa amatha."

"Nanga bwanji simunatembenuze?" anafunsa Dziwenji. "Munali anthu awiri, maso anayi."

Kuyambira tsikulo sanabwerekanenso ngakhale sikuludilaiva. ANangondo anamanga kiyi wa bokosi kunsonga ya chitenje, kuopa kudanitsa ana a bere limodzi, ndipo khonde linangokhala lopanda munthu.

Inu amene mwamva, musandiyang'ane ine, zanga ndikudziwa ndekha. Kiyi uja apatsidwe ndani: wopeza vuto koma n'kulowetsa chagada, wofukula kudzala, kapena wongotembenuza?