Khwangwala ndi Masuku Obwereka

Gologolo ndi Khwangwala ankakhala pa Phiri la Kamsuku, ndipo mkangano wawo unali umodzi: Gologolo ankati paphiripo pali njala, Khwangwala ankati palibe. Kale phirilo linali la masuku okhaokha. Nyama zinkadya masuku, kusinthanitsa masuku ndi zakudya zina, osaganizako zodzala kanthu kena. Kenako anabwera anthu a makala ndi nkhwangwa zawo, n'kusiya zitsa.

Gologolo anali mayi wamasiye, wamantha, wovomera chilichonse. M'mphako ya chitsa mmene ankagona ndi ana ake munatsala kadengu kamodzi ka masuku amene anakatola kutali. Khwangwala ndiye anali tcheyamani wa komiti ya chitukuko. Palibe anamusankha, koma poti anabadwa ndi kolala yoyera pakhosi, anangoti mpando ndi wake. Iyeyu njala sankaidziwa, chifukwa m'mawa uliwonse ankauluka kukadya padzala la kumsika wa anthu, n'kubwerako mlomo uli noninoni kudzakuwa kuti Kamsuku patsogolo.

Tsiku lina kunamveka kuti kukubwera Dokowe. Nyama za kuchigwa zinali zitakolola mtedza wambiri, ndiye zinamutuma kuti ayendere madera, aone kumene njala yavuta, zitumizeko chakudya. Gologolo atamva, anauza ana ake kuti apirire pang'ono, thandizo lili m'njira.

Koma Khwangwala anaitanitsa msonkhano. "Kukubwera mlendo wamkulu," anatero. "Musandichititse manyazi. Kamsuku ndi dzina, amatidziwa mpaka kutsidya. Mukufuna akanene kuti ndife opemphapempha ngati a ku Dambo la Matope aja?"

"Koma a Tcheya," anatero Gologolo motsitsa mawu, "si paja akubwera kudzaona njala?"

"Mayi, inu za chitukuko munaziphunzira kuti? Mlendo akaona umphawi amathawa. Akaona kuti zikuyenda, amabweretsa zazikulu. Takhalani pansi."

Gologolo anakhala pansi.

Ntchito inayamba, ndipo inali ntchito yopusa kuyambira kumutu mpaka kumchira. Nyama zosadya zinasesa njira, zinapaka miyala njereza, zinamanga chipata cha udzu. Ana owonda kwambiri anakawabisa kuphanga la kuseri kwa phiri. Otsalawo anawamwetsa madzi mpaka mimba kutupa, akuti azioneka okhuta.

Kenako inatuluka nzeru yaikulu ya a Tcheya: banja lililonse lipereke masuku amene latsala nawo. Anyani anakathyola nthambi zaziwisi kutsidya kwa mtsinje n'kuzimangirira pazitsa za m'mbali mwa njira. Masuku aja anawamwaza pansi pake, ngati angoyoyoka okha.

"Ndi obwereka chabe, mayi," anatero Khwangwala akukoka kadengu ka Gologolo. "Mlendo akapita mutenga."

Dokowe anafika dzuwa lili pamutu. Amayi anavina, akuimba kuti kwathu n'kwa mwanaalirenji, Gologolo ali pamzere woyamba. Khwangwala analankhula mpaka mthunzi unatembenuka. Anatchula fakitale ya madzi a masuku imene idzamangidwe, msewu wa tala umene udzadutse, alendo amene azidzabwera kudzajambula phiri. Za chimene nyama zidye mawa, zii.

Dokowe sanali wopusa. Anayang'ana masamba aja atayamba kale kufota, anayang'ana timimba ta ana tonyezimira ngati zikho, kenako anakaima pamaso pa Gologolo.

"Mayi, ndiuzeni inu. Ana anu akudya bwino?"

Gologolo anakumbukira kamwana kake kakang'ono kali kuphanga kuja, nthiti zili pamtunda. Pakamwa panayamba kutseguka. Koma anaona diso la Khwangwala, anaonanso anzake onse atazolika, palibe wofuna kukhala woyamba kunyozetsa mudzi. Anagwada n'kuti, "Tikudya, bwana. Tikuthokoza a Tcheya."

"Chabwino," anatero Dokowe. "Ine ndikanena zimene eniake anena. Ku Dambo la Matope ndinawapeza akulira poyera, mtedza upita kumeneko."

Khwangwala anakupiza mapiko yekhayekha. Ndipo poti mlendo sabwerera chimanjamanja, analamula anyani atole masuku onse aja, amunyamulire mlendo mpaka kumalire. Gologolo anangoonerera kadengu kake kakutsika phiri pamutu pa nyani.

"A Tcheya, paja munati ndi obwereka."

"Mayi, mukuganiza za kadengu pa tsiku ngati lino? Simunaone mmene anagwedezera mutu pa nkhani ya fakitale ija? Dzina la Kamsuku lakwera lero."

Koma dzina siliphikidwa. Njala itafika posauzana, Gologolo anabereka kakang'ono kaja kumsana, enawo akudzikoka pambuyo, ulendo wa ku Dambo la Matope. Anapeza mzere wautali, ndipo wogawa mtedza anali Chule.

"Mwachokera kuti, mayi?" anafunsa Chule.

"Ku Kamsuku."

Chule anaseka mpaka khosi kufufuma. "Kwa olemera kuja? Masuku anu tinadya ife kuno, a Dokowe anatigawira. Akuti kwanu amangoolera pansi, kusowa wotola. Musatiseke, mayi, uwu ndi mtedza wa amphawi. Tasunthani, pambuyo panupo pali anjala."

Gologolo anasuntha. Mwana wa kumsana uja sanakafike kwawo wamoyo. Pamaliro Khwangwala anabwera mochedwa, anapepesa mwachidule, kenako anapempha anamfedwa kuti azilira motsitsa, poti kunjira kungadutse alendo.

Phunziro: Amene akukuuza kuti ubise njala kuti mudzi utchuke, uyambe wamufunsa kumene iye amadya. Ndipo iwe wovomera zonse, akakufunsa n'kuyankha kuti wakhuta, mbale idzakudumpha.